Mafunso a Awerengi: Phindu Loika Zolemba pa Intaneti

Makalata ambiri amene tidalandira mwezi uno achokera kwa anthu olemba nkhani, ndakatulo ndi malangizo osiyanasiyana, ndipo pafupifupi onse akufuna kudziwa chimene munthu amapindula akaika zolemba zake pa masamba a pa intaneti osindikizirapo zolemba. Tasankhapo ena mwa makalatawo, ndipo tawafupikitsa kuti malo atikwanire.

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wa kupulayimale ndipo ndakhala ndikulemba nkhani zazifupi m'Chichewa kuyambira ndili kukoleji. Makope anga adzaza sutikesi. Nditafunsa mtengo wosindikizira buku kuno ku Lilongwe, ndalama zimene anandiuza zinaposa malipiro anga a miyezi ingapo. Mphwanga akundiuza kuti ndiike nkhanizi pa intaneti, koma ine ndimaona ngati kumeneko ndi kwa achinyamata ocheza ndi kuonetsana zithunzi. Kodi munthu wofuna kukhala mlembi weniweni angapindule chiyani kumeneko? Mphunzitsi, Area 25

YANKHO: Aphunzitsi, mphwanuyo wakulangizani bwino, ndipo ndikhalitsa pa funso lanu chifukwa likuyankhulira anthu ambiri amene makope awo akungofumbwa m'masutikesi. Mtengo umene adakuuzaniwo sikuti osindikizawo amafuna kukuberani ayi. Mapepala, inki ndi zipangizo za makina osindikizira zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja, choncho pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wosindikizira buku nawo udakwera. Makampani osindikiza mabuku amayang'ananso kumene kuli msika wodalirika, ndipo msika wotero m'dziko muno ndi wa mabuku a kusukulu. Mlembi watsopano wobwera ndi nkhani zimene sizili pa silabasi kawirikawiri amauzidwa kuti adikire kapena alipire yekha, ndipo akalipira yekha ntchito imakhala isadathe, pakuti ayenera kusenza makatoni kupita nawo m'masitolo, kusiya mabuku khumi apa, makumi awiri apo, n'kumayenderanso mwezi ndi mwezi kuti amve ngati agulidwa.

Pa intaneti mavuto amenewa kulibe. Pa masamba monga WordPress, imene idayamba m'chaka cha 2003, Wattpad ya ku Canada imene idayamba mu 2006, kapenanso Medium ya mu 2012, munthu amatha kutsegula akaunti popanda kulipira kanthu. Chofunika ndi adiresi ya imelo, foni yolowa pa intaneti ndi bandulo yapang'ono, popeza mawu okhaokha sadya mayunitsi mmene amadyera makanema. Mukatayipa nkhani yanu mumaipatsa mutu, n'kudina posindikizira, ndipo isadathe mphindi imodzi nkhaniyo imakhala ili ndi linki yakeyake imene mungathe kutumizira aliyense.

Komabe kwa ine phindu lalikulu si kutchipako, koma owerenga. Mawa mukakwera minibasi pa Nsungwi kulowera m'tauni, tayang'anani anthu amene mwakhala nawo: mayi wina wakhazika mwana pamiyendo koma dzanja linalo lagwira foni, mnyamata wa kumpando wakumbuyo wawerama, chala chikungotsetsereka pagalasi la foni mpaka kondakitala achite kumugwedeza paphewa kuti alipire. Anthu amenewa akuwerenga. Ine sindivomereza zimene ena amanena zakuti Amalawi sakonda kuwerenga. Chimene chimasowa ndi zowerenga zabwino, za m'chinenero chawo, zowapeza pamene iwo ali. Kumbukiraninso kuti Chichewa sichithera pachipata cha Mchinji kapena cha Dedza. Chimayankhulidwa ku Chipata ndi ku Lusaka m'dziko la Zambia, ku Tete ndi ku Niassa m'dziko la Mozambique, ndipo ku Johannesburg ndi ku Cape Town kuli abale athu ochuluka amene akaweruka kuntchito amalakalaka nkhani yowakumbutsa kumudzi. Buku limene mwasiya m'sitolo ya ku Old Town silingawafike anthu amenewa, koma nkhani ya pa intaneti imawapeza usiku womwewo.

Owerengawo amayankhanso, ndipo apa ndi pamene mlembi amakulira. Wolemba buku la pepala sadziwa tsamba limene wowerenga adatopera n'kuliika bukulo pansi. Pa intaneti mumaona chiwerengero cha anthu amene atsegula gawo lililonse la nkhani yanu, ndipo pa Wattpad wowerenga amatha kuikira ndemanga pa ndime imene yamukhudza kapena kumukhumudwitsa. Mukaona kuti mutu woyamba ndi wachiwiri idawerengedwa ndi anthu ambiri koma wachitatu ndi ochepa, mumadziwa kuti nkhaniyo idafooka pa mutu wachiwiri, ndipo mumabwererako kukaona chimene chidalakwika. Wina adzakuuzani kuti agogo a m'nkhani yanu akuyankhula ngati mtsikana wa kusekondale; zidzakuwawani, koma mukabwerera kukope mudzapeza kuti akunena zoona. Chosangalatsa n'chakuti cholakwikacho chimakonzeka tsiku lomwelo, pamene cholakwika cholowa m'mabuku 500 osindikizidwa chimakhala pomwepo mpaka mabukuwo atatha. Palinso phindu lina limene alembi salitchula kawirikawiri. Mukalonjeza owerenga kuti Loweruka lililonse muziwapatsa mutu watsopano, iwo amadikira ndipo amafunsa mukachedwa, ndiye nkhani zimene zidaima pakati kwa zaka zambiri zimayamba kutha.

Chenjezo langa ndi ili. Kwa osindikiza mabuku kumakhala mkonzi woti akubwezereni nkhani yosapsa, koma pa intaneti mkonziyo ndinu nomwe. Musatayipe lero n'kusindikiza lero lomwe. Nkhani igone masiku angapo, muiwerenge mokweza kuti khutu ligwire zimene diso laphonya, kenako mumupatse mphunzitsi mnzanu wodziwa malamulo a kalembedwe ka Chichewa aionenso. Inu ndinu mphunzitsi, ndipo ana amene mumawaphunzitsa tsiku lina adzaipeza nkhaniyo n'kutengera kalembedwe kanu. Ulembi weniweni umaonekera pa chisamaliro chimenechi, osati pa pepala kapena pagalasi la foni. Ngati muli ndi nkhani imene mukufuna kudzaipereka kumpikisano, imeneyo muisunge kaye, chifukwa mipikisano yambiri imafuna nkhani zimene sizidatulukepo kwina kulikonse, ndipo malamulo a mpikisano uliwonse amafotokoza ngati zotuluka pa intaneti zikuloledwa. Mukadzafika posindikiza buku la pepala, nambala yozindikiritsira buku, yotchedwa ISBN, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, ndipo pa nthawiyo mudzakhala muli kale ndi anthu odikira kuligula.

FUNSO: Zikomo Akonzi. Ine ndimalemba ndakatulo ndipo ndimaziika pa Facebook ndi m'magulu a pa WhatsApp, kumene anthu amaziyamikira kwambiri. Kodi pali chifukwa choti ndivutikirenso kutsegula tsamba lina lapadera pamene anthu akundiwerenga kale? Mlakatuli, Kawale

YANKHO: Chemwali, musasiye Facebook ndi WhatsApp, chifukwa ndi kumene Amalawi ambiri olowa pa intaneti amapezeka, ndipo makampani a mafoni amagulitsa mabandulo apadera a masamba amenewa. Koma tayesani kufunafuna ndakatulo imene mudaika chaka chatha mwezi wa Juni, muone nthawi imene zikutengereni. Masamba a mchezo adapangidwa kuti chatsopano chizikankhira chakale pansi, ndipo makompyuta a kampaniyo ndi amene amasankha kuti ndani aone zolemba zanu lero. Za pa WhatsApp ndiye n'zovutirapo: munthu wofufuza pa Google sangazipeze, foni ikabedwa kapena ikafa zimatha kupita nayo limodzi, ndipo ndakatulo ikadutsa m'magulu atatu kapena anayi, dzina la mwini wake limakhala litadulidwa kale.

Facebook ili ngati msika pamene tsamba lanulanu lili ngati nkhokwe. Kumsika mumapita ndi zogulitsa za tsikulo, koma zokolola za chaka chonse simungazisunge pabenchi. Pa tsamba lanu ndakatulo iliyonse imakhala ndi linki yosasintha, ndipo mungathe kuzisanja m'magulu, za chikondi pazokha, za maliro pazokha, za moyo wa m'tauni pazokha. Popeza ndakatulo za Chichewa zimakoma kwambiri zikamalakatulidwa, mungathenso kujambula mawu anu pa foni n'kuika linki yake pambali pa zolembedwazo. Tsiku limene wokonza pulogalamu ya pa wailesi kapena wokonza mwambo wina adzafune kuona ntchito yanu, mudzamutumizira linki imodzi m'malo momuuza kuti afufuze yekha pakati pa zithunzi za ukwati ndi mauthenga a tsiku lobadwa. Choncho njira yabwino ndi kuika ndakatulo yonse pa tsamba lanu, kenako n'kutengapo ndime imodzi kapena ziwiri kupita nazo pa Facebook pamodzi ndi linkiyo.

Ngakhale zili choncho, tsamba lililonse la pa intaneti lili ndi eni ake, ndipo eni akewo akhoza kulitseka. Google+ idatsekedwa mu 2019. M'chaka chomwecho MySpace idavomera kuti idataya nyimbo zimene anthu adaikapo pakati pa 2003 ndi 2015. OkadaBooks ya ku Nigeria, imene alembi ambiri a mu Africa ankagulitsirapo mabuku awo, idatseka mu 2023. Pa chifukwa chimenechi, ndakatulo iliyonse ikhalenso m'kope lanu, pa fulashi kapena memori khadi, ndiponso muzidzitumizira nokha pa imelo.

FUNSO: Akonzi, mantha anga ndi akuba. Ndikaika buku langa pa intaneti, wina akhoza kulikopera, kulembapo dzina lake n'kumaligulitsa. Kodi si bwino kungolisunga m'nyumba mpaka ndidzapeze ndalama zolisindikizira? Wowerenga wanu, Biwi

YANKHO: Bambo, mantha anuwo ali ndi maziko, ndipo sindikunamizani kuti kuba kulibe. Oimba athu adalira kale ndi anthu okopera nyimbo m'misika, ndipo zolemba nazo zimakopeka mosavuta. Koma lamulo lili kumbali yanu. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza umwini wa ntchito za luso, Copyright Act ya 2016, imene idalowa m'malo mwa ya 1989, ndipo umwini wa zolemba umayamba pamene mwazilemba, osati pamene mwazisindikiza kapena kuzilembetsa kwinakwake. Malawi idalowanso m'pangano la mayiko la Berne mu 1991, kutanthauza kuti zolemba zanu n'zotetezedwa ngakhale m'mayiko ena a m'panganolo. Bungwe loyang'anira nkhani zimenezi ndi COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992 ndipo likulu lake lili konkuno ku Lilongwe. Pitaniko mukafunse za umembala ndi za kalembetsedwe ka ntchito yanu, chifukwa pa tsiku la mkangano umboni wolembedwa umathandiza kwambiri.

Chimene anthu ambiri sachiganizira n'chakuti kuika zolemba pa tsamba lodziwika kumakupatsaninso umboni. Nkhani ikatuluka imakhala ndi tsiku lake ndi dzina lanu, ndipo anthu amene adaiwerenga koyamba amakhala mboni zanu. Kawirikawiri ndi owerenga omwewo amene amathamanga kudzauza mlembi kuti aiona nkhani yake kwina ili ndi dzina la munthu wina. Zikatero jambulani chithunzi cha tsamba la wakubayo ndi linki yake, kenako dandaulani kwa eni tsambalo, pakuti masamba akuluakulu ali ndi fomu yodandaulira za kuberedwa umwini ndipo amachotsa zolemba zobedwa. Kope la m'nyumba lilibe mboni zotere, ndipo likhoza kudyedwa ndi chiswe kapena kunyowa denga likadontha.

Kuti muchepetse ngozi, musamwaze buku lonse ngati fayilo imodzi ya PDF, chifukwa imeneyo imayenda m'mafoni mosavuta ndipo simungaibweze. Ikani mutu umodzimodzi, dzina lanu likhale pamwamba ndi pansi pa mutu uliwonse. Chinanso, werengani malamulo a tsambalo musadavomere. Masamba odziwika amanena kuti umwini umatsala kwa mlembi, iwo amangotenga chilolezo choonetsera zolembazo. Koma pali ena amene amatumizira alembi makontirakiti ofuna kutenga ufulu wonse wa bukulo posinthana ndi ndalama zochepa. Kontirakiti yotero musaisayine musadaionetse kwa munthu wodziwa malamulo.

FUNSO: Akonzi, ndinamaliza Fomu 4 ndipo ndimagwira ntchito m'shopu ina. Ndamva kuti anthu akulemera chifukwa cholemba pa intaneti. Ndikufuna kusiya ntchito kuti ndizingolemba. Kodi ndalamazo zimabwera bwanji? Mnyamata, Chinsapo

YANKHO: Achimwene, ntchitoyo musasiye. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo, ndipo ndalama za pa intaneti kwa inu zidakali pachala.

N'zoona kuti masamba ena amalipira. Substack, imene idayamba mu 2017, imalola mlembi kulipiritsa owerenga ake mwezi ndi mwezi, yokha n'kutengapo 10 peresenti. Amazon imalola munthu kudzisindikizira buku lowerengera pa foni kapena pa kompyuta, ndipo imapatsa mlembi 35 kapena 70 peresenti ya mtengo wa bukulo malinga ndi mtengo umene waika ndi dziko limene lagulidwira. Vuto n'lakuti njira zimenezi zidakonzedwera anthu olipira ndi makhadi a kubanki, ndipo ndalama zake zimadutsa m'makampani akunja, pamene wowerenga wa ku Chinsapo kapena ku Mtandire ndalama yake ili pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Musadayembekezere malipiro kuchokera ku tsamba lililonse lakunja, yambani mwaona ngati limatumiza ndalama kwa munthu wokhala ku Malawi, komanso kudzera m'njira yanji.

Njira zogwirizana ndi kwathu kuno n'zapafupi koma zimafuna kudekha. Mlembi amene anthu amuzolowera amatha kupereka mitu yoyambirira mwaulere, yotsalayo n'kumaitumiza kwa okhawo amene alipira kangachepe pa foni. Wina amalengeza kuti akufuna kusindikiza buku, owerenga n'kulipiriratu, ndalamazo n'kukhala zoyambira kwa osindikiza. Koma phindu limene ine ndimaliona kukhala lodalirika ndi la ntchito zina zimene zolembazo zimakuitanirani. Mabungwe ambiri a mumzinda uno amafuna anthu omasulira mauthenga a zaumoyo ndi zaulimi m'Chichewa chomveka, nyumba zoulutsa mawu zimafuna olemba masewero ndi zotsatsa malonda, ndipo onsewa amafunsa funso limodzi, lakuti tionetseni zimene mudalembapo. Mnyamata amene ali ndi nkhani makumi awiri zolembedwa mosamala pa tsamba lake amakhala ndi yankho m'manja. Lembani madzulo mukaweruka ndi masiku opuma, kwa chaka chathunthu, kenako mudzaone pamene mwafika. Ndipo aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye ndalama yolembetsera kuti muyambe kulandira malipiro a zolemba, ameneyo ndi wakuba.

FUNSO: Akonzi, ine ndinapuma pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Sindine wolemba nthano, koma ndili ndi zambiri m'mutu zokhudza chimanga, mtedza, soya ndi kasungidwe ka mbewu. Mdzukulu wanga akuti anditsegulira tsamba. Kodi ndilembe m'Chingerezi kuti anthu ambiri awerenge, kapena m'Chichewa? Nanga alimi akumudzi awerenga bwanji? Mlangizi wopuma, Mitundu

YANKHO: Bambo, kalata yanu yandisangalatsa kwambiri, ndipo yankho langa ndi lakuti lembani m'Chichewa. M'Chingerezi nkhani za chimanga zilimo kale zosawerengeka, zolembedwa ndi masukulu a ukachenjede ndi mabungwe a mayiko ambiri, ndipo yanu ikhoza kumira pakati pa zimenezo. M'Chichewa ndi mmene muli njala. Chinenero chathuchi chidasankhidwa kukhala cha fuko lonse mu 1968, chili ndi malamulo a kalembedwe amene Chichewa Board idakonza, ntchito imene kuyambira mu 1996 ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba, ndipo Google idachiika pa makina ake omasulira mu 2014. Komabe munthu akafufuza pa intaneti m'Chichewa za nankafumbwe kapena za chuku cha mtedza, zimene amapeza n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu oyankhula chinenerochi. Mpata umenewu sangautseke mlendo. Autseka anthu ngati inu amene mudakhala zaka zambiri m'minda ya alimi ndipo mukudziwa mawu amene alimiwo amagwiritsa ntchito.

Lembani monga mmene munkayankhulira pamunda wachitsanzo. Nkhani imodzi ikhale ya chinthu chimodzi: kapangidwe ka manyowa a Mbeya, kazindikiridwe ka ntchemberezandonda zisadaononge mitima ya chimanga, kaumitsidwe ka mtedza kuti usachite chuku, kamangidwe ka matumba osungira mbewu a PICS kuti mpweya usalowe. Mutu wa nkhani ukhale mawu omwewo amene mlimi angalembe pofufuza. Tchulani dera ndi nyengo imene malangizowo akugwira ntchito, pakuti dothi ndi mvula ya ku Mitundu si zofanana ndi za ku Nsanje, ndipo ikaniponso tsiku limene mwalemba kuti wodzawerenga patsogolo adzadziwe. Pa milingo ya mankhwala ndi feteleza samalani koposa. Tsimikizani kaye ndi alangizi amene adakali pa ntchito kapena ndi zolembedwa pa paketi, chifukwa nambala imodzi yolakwika ikhoza kuotcha munda wa munthu amene adakukhulupirirani.

Za alimi akumudzi, n'zoona kuti ambiri alibe mafoni olowa pa intaneti. Koma m'makalabu a alimi, m'mabanki a m'mudzi ndi m'mipingo mumapezeka wina amene ali nayo, ndipo nkhani ya Chichewa imawerengeka mokweza pagulu popanda womasulira. Mlimi wotsogolera akhoza kuiwerengera anzake pansi pa mtengo, mphunzitsi wa zaulimi akhoza kuilemba pabolodi, wailesi ya m'dera ikhoza kuiulutsa mutailola. Ngati kutayipa pa foni kukuvutani maso, lembani m'kope mdzukuluyo azitayipa, inu n'kumawerenganso musadalole kuti asindikize.

FUNSO: Akonzi, ndimaphunzitsa ana pa sukulu ya mkombaphala ndipo tilibe mabuku a nthano a Chichewa. Ndimapeka ndekha tinthano tating'ono. Kodi pali malo oyenera tinthano ta ana? Mayi, Likuni

YANKHO: Mayi, alipo. African Storybook, imene imayendetsedwa ndi bungwe la Saide la ku South Africa, idakonzedwera ntchito yomweyi. Pamenepo mungathe kuwerenga nthano za ana m'zinenero zambiri za mu Africa kuphatikizapo Chichewa, kumasulira nthano ya chinenero china, kapena kupeka yanu pogwiritsa ntchito zithunzi zimene zilipo kale, ndipo kabukuko mungathe kukatsitsa n'kukasindikiza pa pepala wamba kuti ana azikagwira m'manja. StoryWeaver ya bungwe la Pratham Books la ku India imagwiranso ntchito yofanana. Dziwani chabe kuti pa masamba amenewa mlembi amavomera kuti ena agwiritse ntchito nthano yake mwaulere, aimasulire ndi kuisindikiza, bola atchule dzina lake. Kwa mphunzitsi wofuna kuti ana a ku Likuni ndi a ku Nkhotakota awerenge nthano imodzi, chimenecho n'chabwino. Koma nthano imene mukufuna kudzagulitsa musaiike kumeneko. Ngati ndi nthano ya makolo imene mudamva kwa agogo, dziwaninso kuti lamulo lathu limaika umwini wa zinthu za chikhalidwe zotere m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, choncho wofuna kuchita nazo malonda afunse kaye ku COSOMA.

FUNSO: Akonzi, ndimafuna kulemba za mavuto a m'dera lathu monga madzi, zinyalala ndi misewu, koma ndimaopa kutukwanidwa ndi anthu osandidziwa komanso kumangidwa. Kodi ndilembe mobisa dzina? Nzika, Area 36

YANKHO: Achimwene, walira mvula walira matope, pamene pali owerenga ambiri, onyoza sasowa. Koma pa tsamba lanulanu muli ndi mphamvu zimene simukhala nazo m'gulu la pa WhatsApp loyendetsedwa ndi wina. Mungathe kukonza kuti ndemanga iliyonse idikire kaye chilolezo chanu isadaonekere, mungathe kufufuta zotukwana ndi kutsekera kunja munthu wosamva. Siyanitsani wotukwana ndi wotsutsa. Wotsutsa amene wabwera ndi mfundo mumusiye ayankhule ndipo mumuyankhe mwaulemu, chifukwa owerenga ena amakukhulupirirani kwambiri akaona kuti simuthawa mafunso.

Nkhani zimene mukufuna kulembazi n'zofunika, ndipo atolankhani sangafike mumsewu uliwonse wa mumzinda wa Lilongwe, umene udali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi pa kalembera wa 2018. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wofotokoza maganizo ake. Ufuluwo uli ndi malire ake: lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kugwiritsa ntchito intaneti poopseza kapena kuzunza ena, ndipo munthu amene mwamuipitsira mbiri ndi bodza akhoza kukusumirani kukhoti. Chitetezo chanu chenicheni chili pa kulemba zimene mwaona ndi maso anu. Tchulani msewu, tsiku ndi nthawi. Ngati mpope wakhala wouma, nenani kuyambira liti. Jambulani chithunzi cha dzala la zinyalalalo koma osaonetsa nkhope za ana kapena za anthu amene simudawapemphe. Musanene kuti wakutiwakuti adaba ndalama pamene mwangomva mphekesera pa bawo, ndipo ngati nkhani ikukhudza ofesi kapena munthu wina, mufunseni mbali yake n'kuilembanso.

Za dzina, masamba ambiri amalola dzina lopeka, ndipo alembi akhala akuchita zimenezi kuyambira kale. Koma dzina lopeka limakubisani kwa owerenga okha, osati kwa lamulo, choncho lisakupatseni mtima wolemba zimene simungaziimire pamaso pa anthu. Mukasankha dzina lotero khalani nalo lomwelo nthawi zonse kuti owerenga alizolowere, ndipo akaunti yanu muiteteze ndi pasiwedi yovuta kuiganizira, yosiyana ndi ya pa Facebook, pamodzi ndi nambala yotsimikizira imene imabwera pa foni pofuna kulowa.